Timapini Tiwiri

Ndinadina batani nthawi itangokwana naini usiku.
Palibe chinachitika.
Utsi ayi, phokoso ayi,
ngakhale kafungo ka waya wopserera
koti kandiuze chimene ndilirire.
Zii.

Miyezi khumi ndi umodzi ndikukanda ufa
ku bekale ya mayi Hortensia,
kudzuka kusanache, kutsika masitepe a Cerro Barón
agalu a m'makwalala akundiperekeza,
kubisa mapeso m'chitini cha tiyi,
mapeto ake ndi awa:
bokosi lakuda patebulo lodyera,
galasi lake likungondionetsa nkhope yanga.

Ndinayambira pamene aliyense amayambira.
Soketi ndinaiyesa ndi ketulo, madzi anawira.
Kaswichi ka kumbuyo, pa ziro, pa wani, pa ziro, pa wani.
Memori ndinaizula, n'kuiuzira ngati phala la mwana,
n'kuikanikiza mpaka inalira kuti tha!
Ndinasiya imodzi. Ndinasinthanitsa mipata.
Khadi la zithunzi, lija linadya malipiro a miyezi inayi,
ndinaligoneka pathaulo ngati wodwala.
Kabatire konga ndalama yachitsulo
ndinakatulutsa, n'kuwerenga mpaka zana,
n'kukabwezera ndikupemphera chamumtima.

Zii.

Kanyali kamodzi kokha pabolodi
kanali kuyaka, kobiriwira, kaliuma,
ngati kakuti: moto ulipo, vuto ndiwe.

Kudoko la Valparaíso sitima inalira kawiri.
Mchimwene wanga Lautaro anatumiza uthenga:
wapinda mapini a purosesa iwe,
ndalama zako zalowa m'madzi.
Sindinamuyankhe.
Ndinamasula zonse manja akunjenjemera,
n'kuunikira ndi foni.
Mapini onse anali chilili, ngati tsitsi la burashi yatsopano.
Ndinakhumudwa. Ndinkafuna wolakwa, ngakhale akhale ine.

Cha m'ma thu koloko bambo anatulukira,
juzi atavala chotembenuza.
Zaka makumi atatu anakonza chikepe chokweza anthu paphiri,
koma kompyuta saidziwa;
foni yawo amaibaya ndi chala cha mkombaphala
ngati akuyesa mkate ngati wapsa.

Anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.
Chikepe chikakana, iwo anatero,
anyamata ankathamangira ku injini
ndi masipanala akuluakulu.
Ine ndinkayamba ndafunsa:
kodi injiniyo yamva kuti tikuiitana?
Batani lakoli, Ximena, waya wake wathera kuti?

Ndinaulondola ndi chala,
woonda ngati ulusi wosokera mabatani,
kuseri kwa chitsulo, pansi pa zingwe zonenepa,
mpaka pakona ya bolodi
pamene timapini tathithikana ngati mano a chipeso,
ndipo zilembo zake
anazilembera nyerere.

Ndinali nditaphonya ndi mzere umodzi.
Umodzi wokha.
Usiku wonse ndinkagogoda pakhomo la eni ake.

Bambo sanaseke.
Anatenga sikuludiraiva yawo ya chigwiriro chothetheka
n'kukhudza timapini tiwiri tija pamodzi,
pang'ono chabe,
monga umakhudzira phewa la munthu wogona m'basi.

Fani yoyamba inazengereza, kenako n'kuzungulira.
Yachiwiri. Yachitatu.
Kamphepo kanasuntha malisiti patebulo.
Bii!
Sikirini inatsegula diso,
zilembo zoyera pamdima
zikudandaula kuti sizikupeza poyambira.
Sindinamvepo dandaulo lokoma chonchi.

Ndinafuna kunena chinachake chachikulu.
Bambo anafunsa ngati madzi a m'ketulo aja
adakali otentha.

Tinamwa tiyi titaimirira,
chifukwa mipando yonse inali ndi mabokosi.
Sikuluwu imodzi inatsala m'mbale,
mpaka lero sindidziwa kwawo.

Folo koloko ufa unali kundidikira.
Ndinavala malaya a ntchito, n'kuzimitsa nyali,
koma bokosi lija ndinalisiya likupuma.
Ndili pa sitepe yachisanu ndinabwerera,
n'kutsamira khutu pachitseko.